Pacific Coast League inali mfumu kumadzulo kwa America

Achimwene, mwafunsa chifukwa chake Pacific Coast League, ligi ya masewera a baseball, inatchuka chonchi pomwe ndi ligi yaing'ono. Inayamba mu 1903, nthawi imene matimu akuluakulu a baseball sankapezeka kumadzulo kupitirira mzinda wa St. Louis, womwe uli chapakati pa America. Kumadzulo konse kunalibe ligi yaikulu yopikisana nayo. Ku California sikuzizira kwambiri, moti zaka zina timu inkasewera magemu oposa 200. Katswiri wa baseball Joe DiMaggio anaphukira komweko, ku timu ya San Francisco Seals, ndipo mu 1933 anamenya hit (kumenya mpira n'kukafika pa base yoyamba osatulutsidwa) m'magemu 61 otsatizana. Pofika 1952 anthu ankati ikhala ligi yaikulu yachitatu, kuwonjezera pa American League ndi National League, ndipo ine ndimaona kuti inkayenera. Koma mu 1958 matimu awiri akuluakulu anachoka ku New York: Dodgers anasamukira ku Los Angeles, Giants ku San Francisco, ochemerera n'kutsatira. Seals analongedza wa ku Phoenix, mzinda wa ku Arizona. Lero ligiyi imangosulira osewera matimu akuluakulu.