Funsani za Nyimbo: Coldplay inachokera kuti?

Akonzi, mwana wanga wamkazi sasiya kumvera nyimbo za Coldplay, moti nanenso ndayamba kuziimba ndikamaphika. Kodi anthuwa ndi ndani, ndipo anayamba bwanji? (Mayi wa ku Chilomoni, Blantyre)

Mayi, gululi ndi la ku Britain ndipo lili ndi anthu anayi. Chris Martin ndiye amatsogolera kuimba komanso amaliza piyano, Jonny Buckland ali pa gitala, Guy Berryman pa besi, Will Champion pa ng'oma. Martin ndi Buckland anadziwana mu 1996 atangofika kumene pa University College London, m'nyumba yogona ophunzira ya Ramsay Hall. Berryman anawapeza chaka chotsatira, Champion n'kudzamaliza kumayambiriro kwa 1998. Champion sanali wa ng'oma ayi. Ankadziwa gitala ndi piyano, koma poti mpando wa ng'oma ndi umene unalibe munthu, anakhalapo n'kuphunzirira pomwepo.

Anaimba koyamba pagulu pa 16 Januwale 1998 m'kamalo komwera mowa ka Laurel Tree ku Camden, akudzitcha Starfish. Dzina la Coldplay anachita kupatsidwa ndi mnzawo wa pasukulupo amene anali atalisiya.

Ndalama zoyambira zinachokera kwa Phil Harvey, mnzake wa Martin wa ku sekondale, amene anakhala manijala wawo. Analipira mapaundi pafupifupi 1,500 kuti ajambule kachimbale ka nyimbo zitatu kotchedwa Safety. Anasindikiza makope 500, koma ogulitsa anali ngati 50 okha. Enawo anawagawa kwa abale, anzawo ndi makampani a nyimbo, chifukwa cholinga sichinali kupeza phindu, chinali choti amveke kwa anthu oyenera. Kenaka kakampani kakang'ono ka Fierce Panda kanawatulutsira Brothers & Sisters, muulutsi Steve Lamacq n'kumaseweretsa nyimbo zawo pa wailesi ya BBC Radio 1, ndipo mu 1999 kampani ya Parlophone inawasayinitsa. Mwina izi zikusangalatsani: mayi ake a Martin, omwe anali mphunzitsi wa nyimbo, kwawo ndi ku Zimbabwe.

Tili ndi bandi ya anthu asanu. Sitinatulutse n'chimbale chomwe, koma awiri asiya kale kulankhulana. Nanga a Coldplay akwanitsa bwanji kukhala omwewo zaka zonsezi? (Mnyamata wa gitala, Area 25, Lilongwe)

Achimwene, musaganize kuti iwo sanakanganepo. Mu 1999, akujambula kachimbale ka The Blue Room, panavuta. Kuimba m'bala ndi kujambula mu situdiyo n'zosiyana. M'bala phokoso limabisa zolakwika, koma mu situdiyo wa ng'oma akathamanga kapena kutsalira pang'ono chabe, makina amajambula zomwezo ndipo aliyense amazimva. Champion anali asanakhwime, ndiye anamuchotsa. Sipanapite masiku ambiri Martin anazindikira kuti walakwitsa, anakamupepesa, ndipo Champion anabwerera.

Chimene chinawapulumutsa ndi zimene anagwirizana pambuyo pake. Anati gululi liziyenda momvana onse, phindu lizigawidwa kwa onse, ndipo aliyense wogwiritsa ntchito mankhwala ozunguza bongo oopsa achotsedwe. Mukaona pa zimbale zawo, mayina a onse anayi amalembedwa ngati opeka nyimbo, ngakhale kuti mawu ambiri amalemba ndi Martin. Apa m'pamene pamagwera mabandi ambiri. Ndalama za shoo zimatha usiku womwewo, pomwe ndalama za wopeka zimabwerabe nyimbo ikamaseweredwa pa wailesi, zaka ndi zaka. Wa besi akaona kuti wotsogolera wagula galimoto iye akukwerabe kabaza, sachedwa kukayambitsa bandi yake.

Inuyo khalani pansi panopa, ndalama zisanabwere. Lembani kuti wopeka nyimbo iliyonse ndi ndani ndipo gawo lake ndi lotani, zida zogula limodzi n'za ndani munthu akachoka, dzina la bandi litsala ndi yani, ndiponso amene azisunga thumba. Aliyense asayine, kenaka nyimbozo mukazilembetse ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo ndi zaluso ku Malawi, motsatira zomwe mwagwirizanazo. Za awiri osalankhulanawo, pezani munthu wamkulu amene onse amamulemekeza koma saimba nawo. Harvey anagwira ntchito yotereyi kwa nthawi yaitali, mpaka anzakewo amamutcha membala wachisanu.

Ndi nyimbo iti imene inawatchukitsa, ndipo chinsinsi cha kamvekedwe kawo n'chiyani? Ndikufuna kuyeserera pa kiyibodi. (Woimba kiyibodi ku tchalitchi, Zomba)

Ndi Yellow, yomwe inatuluka mu Juni 2000 n'kufika pa nambala 4 pa m'ndandanda wa nyimbo zogulidwa kwambiri ku Britain. Shiver, imene inaitsogolera, inathera pa 35. Anaipeka ali ku situdiyo ya Rockfield ku Wales ndi Ken Nelson, amene ankawajambula. Vidiyo yake ndi ya Martin yekha akuyenda m'mphepete mwa nyanja ku Studland Bay kukuzizira. Anafuna kuti onse aonekemo, koma tsikulo kunali maliro a mayi ake a Champion. Chimbale cha Parachutes chinatuluka pa 10 Julayi 2000, chinayambira pa nambala 1, ndipo chinadzapata Grammy, mphoto yaikulu ya nyimbo ya ku America, mu 2002.

Kwa wa kiyibodi, yambirani pa Clocks, ya m'chimbale cha 2002 cha A Rush of Blood to the Head. Makodi a mbali yake yodziwika ya piyano ndi atatu basi: E flat, B flat minor ndi F minor, wapakatiyo n'kumukhalitsa kawiri kuposa anzake. Dzanja lamanja silimenya kodi yonse nthawi imodzi. Limatsika manotsi atatu kuchokera pamwamba, kutsikanso atatu, kenaka awiri, kuti akwane asanu ndi atatu. Werengani 1-2-3, 1-2-3, 1-2, mukugogomeza pa 1 paliponse. Ambiri amalakwitsa powerenga anayianayi, ndipo nyimbo imamveka yowuma ngati koloko yakutha batire. Cholakwika china ndi kupondereza pedulo osaisiya. Muziitula kodi ikamasintha, apo ayi manotsi amasakanikirana n'kukhala phala.

Nyimboyi inatsala pang'ono kusalowa m'chimbalecho. Inabwera mochedwa ndipo anaisungira chimbale chotsatira, koma Harvey ataimva anakakamira kuti ilowe. Mu 2004 inapata Grammy ya Record of the Year.

Kodi anangokwera osapunthwa? Ine ndimaona ngati nyimbo zawo zinasintha kwambiri. (Bambo wa ku Kasungu)

Mwaona bwino, bambo. Chimbale chachitatu, X&Y, chinawasautsa. Anataya nyimbo zambiri zomwe anali atajambula kale, anasintha wowajambula, ndipo tsiku lotulutsa linasunthidwa. Pofika apa gululi linali litakula moti mu Febuluwale 2005 kampani ya EMI, mwini wa Parlophone nthawiyo, italengeza kuti chimbalechi komanso cha gulu la Gorillaz zichedwa, mtengo wa masheya ake unatsika. Nyimbo yotsogolera, Speed of Sound, inalephera kufika pa nambala 1 ku Britain, itatchingidwa ndi Crazy Frog, kachule ka m'mafoni kaja. Chimbalecho chinagulidwabe kuposa china chilichonse padziko m'chakacho, koma olemba za nyimbo ena anati Coldplay yayamba kudzibwereza. Ifenso tikuona kuti sananame.

Mankhwala ake anali Brian Eno, katswiri amene anagwirapo ntchito ndi gulu la U2. Anawachotsa pa chizolowezi cha piyano ndi gitala, ndipo zotsatira zake ndi Viva la Vida ya 2008, yomwe yayendera mavayolini, ng'oma yaikulu ya timpani ndi belu. Inali nyimbo yawo yoyamba kukhala nambala 1 ku Britain ndi ku America komwe. Inabweretsanso mlandu: katswiri wa gitala Joe Satriani anawasumira mu Disembala 2008 ponena kuti anatengako nyimbo yake. Iwo anakana, ndipo mlanduwo unatsekedwa mu 2009 usanazengedwe.

Kuyambira pamenepo anapendekera kwambiri ku pop, n'kumaimba ndi anthu ngati Rihanna, Beyoncé ndi BTS. Okonda Parachutes ena mpaka lero sanawakhululukire.

Anabwerapo kuno ku Africa? (Mtsikana wa ku Mangochi, amene akukhala ku Johannesburg)

Achemwali, anafika mumzinda womwe mukukhalawo. Mu Okutobala 2011 anaimba ku Cape Town Stadium ndi ku FNB Stadium. Vidiyo ya Paradise, imene Martin wavala ngati njovu n'kumapalasa njinga ya tayala limodzi, mbali yaikulu anaijambulira ku South Africa, ndipo kumapeto kwake mukuoneka khamu la ku FNB. M'nyengo yomweyo, ya chimbale cha Mylo Xyloto, anayamba kugawa zibangili zowala kwa obwera ku shoo. Chibangili chilichonse chili ndi timagetsi ndipo chimalandira uthenga kuchokera kwa oyendetsa magetsi a pa siteji, ndiye bwalo lonse limasintha mtundu nthawi imodzi motsata nyimbo.

Agwiranso ntchito ndi oimba a ku Nigeria. Femi Kuti ndi oliza malipenga ake akumveka mu Arabesque ya 2019, ndipo pa chimbale cha Moon Music cha 2024 pali Burna Boy mu We Pray ndi Ayra Starr mu Good Feelings.