Za mwana wofuna kuyamba cyclocross m'matope a ku Yorkshire

Achemwali, funso lanu ndaliona, loti mnyamata wanu wa zaka 13 anaona anthu akupikisana pa njinga m'matope ku Bradford kuno ku England nde wakakamira kuti nayenso akufuna, inu mukuopa kuti mwina ndi zodula, mwina avulala, mwina adwala ndi kuziziraku. Ine ndimapalasa nawo mipikisano imeneyi m'gulu la opitirira zaka 40, nde mundilole nditalikitse pang'ono, chifukwa ena ayankha kale kuti musamulole, ena akuti pafunika njinga ya mapaundi masauzande, ndipo zimenezo sizoona olo pang'ono. Muloleni mwanayo, ndipo apite ndi njinga yomwe ali nayo panopa.

Masewerawa ndi cyclocross, ambiri amangoti cross. Amachitika kuyambira cha mu Seputembala mpaka Januwale, nthawi yomwe mipikisano ya pamsewu yaima. Okonza amatchinga njira ndi timitengo ndi tepi mu paki kapena pabwalo la sukulu kapena pa famu, njira yake yaifupi, makilomita awiri kapena atatu basi, yokhotakhota, penapake kapinga, penapake kamtunda koterera, mizu ya mitengo, mchenga, nthawi zina matabwa awiri oimika omwe umayenera kutsika ndi kuwadumpha njinga ili m'manja. Mumangozungulira momwemo mpaka nthawi itakwana. Akuluakulu ndi pafupifupi ola limodzi, ife a zaka 40 kupita m'tsogolo ndi cha m'ma mphindi 40, a msinkhu wa mwana wanu omwe amati Under 14 ndi cha m'ma mphindi 30, ndipo tiana tosakwana zaka 12 tili ndi kanjira kawo kakafupi. Belu likalira ndiye kuti yatsala raundi imodzi. Wotsogola akamaliza, aliyense amamalizira pa raundi yomwe ali, nde palibe zoti mwana wanu atsala yekha m'tchire anzake atapita kwawo, ayi, ndipo inuyo mutaima pamalo amodzi muzimuona akudutsa mobwerezabwereza.

Za njinga. Amene akunena za matayala osapitirira 33 mm akunena lamulo la UCI, bungwe loyendetsa masewera a njinga padziko lonse lapansi, lomwe ndi lamulo la mipikisano ikuluikulu. M'maligi am'dera ngati ya Yorkshire ana ambiri amayamba ndi mountain bike wamba, bola mabuleki akugwira bwino, kumapeto kwa handulo kuli kotseka, sitandi ndi keliyala mwachotsa, ndipo helimeti ili kumutu, imeneyo yokha sakambirana. Musagule kanthu chaka choyamba. Akadzaikonda zenizeni mudzafunse ku kilabu, makolo amagulitsana njinga zomwe ana awo azipitirira msinkhu, ndipo zakale zija za mabuleki a cantilever, ogwira pa limu, zinatsika mtengo chibwerereni mabuleki a disc. Makilabu ena amabwereketsa kumene.

Tsono chomwe ndikufuna mumvetse kwambiri ndi ichi, m'matope chimene chimasiyanitsa ana si mtengo wa njinga koma mpweya wa m'matayala. Ife tinakula tikudziwa kuti tayala labwino ndi lopopa gwa, ukalidina ndi chala lisalowe. Ku cross ukatero wadzipha wekha, tayala lolimba limangoyandama pamwamba pa thope, pa kona iliyonse lakutsogolo limathawa, pokwera mtunda lakumbuyo limangozungulira pamodzimodzi. Ukachotsa mpweya tayala limaphwathalala, timano take tambiri timaluma pansi, limakumbatira mizu m'malo modumpha. Akuluakulu okhala ndi matayala a tubeless kapena ma tubular omata ndi guluu amatsika mpaka cha m'ma 20 psi pa geji ya pampu, ena kutsikirapo tsiku la matope enieni. Wa chubu wamba sangatsike choncho chifukwa akagunda muzu limu imatsina chubu n'kuboola mabowo awiri, nde iye ayambire cha m'ma 30 kenako azichotsa pang'onopang'ono, poti mwana ndi wopepuka amatha kutsika kuposa munthu wamkulu. Njira yoyesera ndi yophweka, akwere azungulire njirayo mpikisano usanayambe, ngati akumva limu ikugunda pansi kamodzi kapena kawiri pa raundi ndiye zili bho, ikamagunda paliponse awonjezere pang'ono, ikapanda kugunda n'komwe achotseko. Ngati pali chinthu chimodzi choti mugule, gulani pampu yokhala ndi geji yowerenga bwino manambala ang'onoang'ono. Chachiwiri chake, ndalama zikalola, ndi matayala a timano titalititali totalikirana, oti thope lizigwa lokha tayala likamazungulira, chifukwa a timano tothinana amadzaza n'kusanduka osalala raundi yoyamba isanathe.

Matopenso si amodzi. Alipo amadzimadzi, mvula ikugwa, amenewo amaoneka oopsa pa chithunzi koma ndi abwino, njinga imadzitsuka yokha. Ovuta ndi a tsiku lomwe mvula yasiya dzulo lake, thope layamba kuuma, lomata ngati makande a kudambo aja oti ukaponda nsapato imatsala komweko. Amenewo akasakanikirana ndi udzu ndi masamba amadzaza pakati pa tayala ndi felemu mpaka gudumu kukana kuzungulira, njinga kulemera kawiri, ndipo choopsa kwambiri amakulunga pa derailleur ya kumbuyo, kachipangizo kosinthira magiya. Mumuuze mwanayo kuti akamva tcheni chikulimba kapena kulira zachilendo asakakamize pedulo, aime, achotse udzuwo ndi dzanja kapena kamtengo. Akakakamiza kachitsulo kogwira derailleur kamathyoka, kamene amati hanger, nthawi zina derailleur yonse kulowa m'masipoko, mpikisano wathera pompo ndipo ndalama yatuluka. Hanger yapadera ndi yotchipa, muzikhala nayo m'chikwama.

China chomwe ana atsopano amavutika kuvomereza n'choti kutsika pa njinga si manyazi. Kumeneko ndiye kuchenjera kwake kwa masewerawa. Pamene thope lafika poti ukupalasa koma liwiro lako likufanana ndi la munthu woyenda, tsika msanga liwiro lisanathe, nyamula, thamanga. Amene amaumirira kupalasa amaima pakati pa mtunda, phazi kukanirira, kugwa cham'mbali, anzake asanu kumudutsa akuthamanga wapansi. Nde luso lenileni ndi kudziwa malo otsikira usanafikepo, kutsika njinga ikuyenda, kuiponya paphewa dzanja litadutsa mkati mwa felemu n'kugwira handulo, kenako kukweranso mothamanga. Pokwerapo asadzigwetse pa chishalo ndi pakati, azifikira ndi mkati mwa ntchafu kenako n'kutsetserekera pa chishalo, anyamata amamva msanga chifukwa chake. Izi aziyeserera pa kapinga pafupi ndi kunyumba, pang'onopang'ono kaye ngati akuyenda, liwiro limabwera lokha. Makilabu ambiri a British Cycling, bungwe loyendetsa masewera a njinga kuno ku Britain, omwe ali ndi gawo la ana amaphunzitsa zimenezi madzulo mkati mwa sabata, ndipo makochi ake ambiri ndi ongodzipereka.

Pa makona, pomwe aliyense wadutsa ndi pomwe paterera kwambiri, nde maso azisaka pomwe patsala udzu wobiriwira, kawirikawiri m'mphepete mwa tepi, olo njira yake italike. Mabuleki agwire asanalowe mu kona, akalowa asiye, makamaka yakutsogolo. Pakakumbika ngalande za matayala asalimbane nazo, alowetse tayala momwemo, ayang'ane kutsogolo komwe ngalandeyo ikuthera, manja afewe, njinga ipeza yokha njira. Ukayang'ana mtengo umagunda mtengowo. Ku Peel Park ku Bradford kuli malo otsetsereka cham'mbali omwe amadziwika dziko lonse lino, mipikisano ya chikho cha Britain inachitikirapo kumeneko, ndipo pakagwa mvula olo akatswiri amatsetsereka mpaka pa tepi ya m'munsi.

Za kuvulala ndisakunamizeni, kugwa adzagwa, mwina kangapo pa mpikisano umodzi. Koma amagwera pa thope ndi kapinga, pa liwiro lochepa, kulibe galimoto olo imodzi, ndipo pamakhala a first aid. Zambiri ndi mikwingwirima ndi kusupuka. Ine mwana wa zaka 13 ndingakonde aphunzirire njinga kumeneko kusiyana ndi pamsewu wa mabasi, ndipo akadzayamba kupita kusukulu kapena kuntchito pa njinga adzakhala akudziwa chochita tayala likaterera. Bala lililonse lotseguka mulitsuke bwino tsiku lomwelo poti m'mapaki ndi m'mafamu mumayenda agalu ndi nkhosa, ndipo muonetsetse kuti katemera wake wa kafumbata ali m'malo.

Kuzizira ndiye nkhawa yanu yomwe ndikuivomereza kwathunthu, koma nthawi yoopsa si ya mpikisano. Akamapalasa thupi limatentha mpaka nthunzi kumatuluka, ambiri amavala zopepuka. Vuto ndi mphindi zodikira pa mzere woyambira ndi mphindi khumi akangomaliza, zovala zanyowa, mphepo ikuwomba, mwana amayamba kunjenjemera mano kugundana. Nde inu ntchito yanu ndi imeneyi, aime pa mzere atavala jekete lalikulu, mulilandire kutatsala pang'ono kuti ayambe, akamaliza musamulole kucheza kaye, avule zonyowa zonse mpaka masokosi, thawulo, zouma, chipewa, tiyi wotentha wa mu flask. Tengani majumbo akuluakulu oikamo zamatope, chigubu cha madzi ndi bulashi. Magolovesi akhale awiri, ena oyesera njira ena a mpikisano, chifukwa zala zikazizira satha kugwira buleki. Inunso muvale majombo ndi masokosi awiri, woonerera ndi amene amazizidwa kuposa wopalasa. Mu Disembala kuno kumada 4 koloko isanakwane, nde njinga muitsuke mukangofika thope lisanaume, tcheni mupukute n'kuthira oilo, ndipo ngati mukugwiritsa ntchito mpope wa pulesha musalozetse pa ma bearing.

Mukafika mudzaona malo otchedwa pit, makolo ena ali ndi njinga ziwiri za mwana mmodzi ndi makina otsukira, mwana akudutsa n'kusintha njinga raundi iliyonse. Zisakufooketseni. Ndi zoona kuti tsiku la thope lomata wa njinga ziwiri amapindula, sindingabise, koma amenewo ndi omwe akulimbirana malo oyamba. Pakati ndi kumbuyo kuli ana ambirimbiri a njinga imodzi, aliyense akulimbana ndi amene ali patsogolo pake, ndipo sabata yotsatira amakumananso omwewo. Oyamba kumene amawaika kumbuyo pa mzere chifukwa malo amatengera mapointi a mu ligi, nde asadandaule, aziona kuti wadutsa angati. Komanso anthu ake ndi ochezeka, ukasowa pampu kapena sipanala wina amakubwereka usanamalize kufunsa. Anthu akuda tilipo ochepa kwambiri, zimenezo mudzaziona nokha, ndipo n'chifukwa china chomwe ndikufunira kuti mwana wanu abwere.

Ngati akufuna woti azimuyang'ana, Tom Pidcock ndi mwana wa ku Leeds konkuno, anatenga chikho cha dziko lonse lapansi cha ma junior mu 2017 ndipo mu 2022 anatenga cha akuluakulu ku Fayetteville ku America. Koma kwawo kwenikweni kwa masewerawa ndi ku Belgium ndi ku Netherlands, komwe anthu masauzande amalipira kukaima m'matope kuonerera. Musakireni pa YouTube mipikisano ya ku Namur, ya pa Koppenberg ndi ya mumchenga ku Koksijde, aone Wout van Aert ndi Mathieu van der Poel, yemwe mu 2025 anatenga chikho cha dziko lonse kachisanu ndi chiwiri n'kufanana ndi Erik De Vlaeminck, komanso Marianne Vos amene anachitenga kasanu ndi katatu. Aziyang'ana pomwe akutsikira ndi mzere womwe akusankha pa kona, aona kuti olo iwowo amathamanga wapansi.

Kulembetsa kwake, pitani pa webusaiti ya British Cycling musake mipikisano ya cyclocross ya ku Yorkshire, ambiri amafuna mulembetse pa intaneti masiku angapo tsikulo lisanafike, ana amalipira zochepa kuposa akulu, ndipo poti ndi mwana padzafunika chilolezo chanu ngati kholo. Mufike kutatsala ola ndi theka kuti atenge nambala, ayese njira kawiri ndi kukonza mpweya uja. Adye bwino maola awiri kapena atatu asanayambe, phala la oats ndi nthochi zimakwana. Mukasankha tsiku mundiuze ku inbox, ngati ndili komweko ndidzabwera ndi pampu yanga tidzaone matayala akewo limodzi.