Jenereta kapena sola pa golosale? Yankho kwa achimwene a pa Mponela

Achimwene funso lanu ndaliona, mwati muli ndi golosale pa Mponela, muli fuliji ya zakumwa, mababu, TV komanso mumatchajitsa mafoni, ndiye magetsi akathima malonda amaima, mukufuna kudziwa kuti kandalama mwasungako mugulire jenereta kapena sola. Ine ndikuti sola basi. Ena ayankha kale mmwambamu kuti jenereta ndi yotchipa, eya pogula ndi yotchipadi sindikukana, koma dzifunseni kaye kuti muzithiramo chani, ndipo muzichitenga kuti.

Dziko lathu lino silikumba mafuta ngakhale dontho limodzi. Petulo ndi dizilo yense timachita kugula kunja ndi madola, amatsikira pa madoko a Beira, Nacala ndi Dar es Salaam kenako ma tanker aziyenda mtunda wonsewo mpaka kuno. Madola akangosowa kapena ku Mozambique kukangovuta pang'ono, ma filling station amauma, mizere ija mwakhala mukuiona nokha kuyambira 2022, anthu kugona mmagalimoto, akabaza a njinga zamoto kukankhana pa pampu. Kwacha anaigwetsa ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako 44 peresenti mu November 2023, ndipo pompo MERA, bungwe loyang'anira za mafuta ndi magetsi, inakweza petulo kuchoka pa K1,746 kufika K2,530 pa lita, sanaimirenso pomwepo ayi. Inde tili ndi ethanol wathu wa ku nzimbe, wa ku Dwangwa ndi ku Chikwawa, amene amasakaniza mu petulo, koma ndi gawo lochepa chabe, zambiri ndi zakunja ndithu. Ndiye mukagula jenereta mwalowa nawo pa mzere womwewo, ndipo inu mwaipa kwambiri chifukwa mubwera ndi chigubu, pomwe nthawi ya kusowa zigubu amaziletsa pokhapokha muli ndi chilolezo. Mapeto ake mukagula wa pa black market wa mmabotolo uja, mtengo kawiri kapena katatu, wina wosakaniza ndi parafini, mwezi usanathe kabuleta yatsekeka mwayamba kusaka makaniko.

Kajenereta ka 2.5 kVA kamamwa pafupifupi lita imodzi pa ola ngati kanyamula katundu ndithu. Tengani mtengo wa lero wa petulo muchulukitse ndi maola amene magetsi amathima pa sabata kwanuko, muwonjezere oyilo ndi pulagi, kenako muone kuti muyenera kugulitsa ma Fanta angati kuti ndalamayo ibwerere. Mukawerengera mundiuze.

Boma lenilenilo linayesapo njira ya jenereta imeneyi. Mu 2018 madzi atachepa mu nyanja ndi mu Shire, makina a pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira osapanga magetsi okwanira, anabweretsa majenereta a dizilo obwereka ku kampani ya Aggreko, pafupifupi 78 MW. Magetsi anayakako koma anali odula zedi, dizilo wake wa madola omwe aja, mpaka kontrakiti inatha mu 2022 osaiwonjezeranso. Panopa akulowera kuti? Ku dzuwa. Ku Salima kuli sola ya 60 MW ya JCM yomwe inayamba mu 2021, ku Golomoti 20 MW yokhala ndi mabatire ake, ku Nkhotakota inanso. Komanso musadalire kuti za madzi zikhazikika mawa, pafupifupi magetsi athu onse a madzi ali pa mtsinje umodzi, namondwe Ana atagumula damu la Kapichira mu January 2022 tinataya pafupifupi 130 MW kwa chaka ndi miyezi. Za damu latsopano la Mpatamanga ndi zabwino zikamveka pa wailesi koma kumanga damu ndi nkhani ya zaka, Chibuku wanu mu fuliji sangadikire zimenezo.

Tsopano apa ndi pomwe anthu ambiri amapsa, chifukwa sola yogula mwachisawawa ndi imene imapangitsa anthu kumati sola ndi bodza. Musayambe ndi kufunsa mtengo, yambani ndi kulemba katundu wanu. Kumbuyo kwa fuliji kuli kapepala kolemba ma watts, kawerengeni. Fuliji ya pakatikati imadya 1 mpaka 2 kWh (mayunitsi a magetsi aja) pa tsiku, koma ija ya chitseko cha galasi ya zakumwa imadya kuposa pamenepo makamaka mwezi wa October ana akamatsegula tsegula. Mababu a LED, TV ndi mafoni ndi zazing'ono, fuliji ndiye mwini nkhani. Kuno kwathu dzuwa lamphamvu limakhala maola pafupifupi 5 pa tsiku, ndiye ma panel awiri a 550W akhoza kukupatsani cha mma 4 kWh mukachotsera zotayika mmawaya ndi kutentha, zomwe pa golosale ngati yanu zikukwana.

Inverter, makina osintha mphamvu ya batire kukhala magetsi a mnyumba, ikhale ya pure sine wave, ija yotulutsa magetsi ofanana ndi a ESCOM, musalole zina. Zija zotchipa za modified zimachititsa mota ya fuliji kulira ngati njuchi kenako compressor yapsa. Ikhalenso yokulirapo chifukwa fuliji ikamadzuka imakoka mphamvu kangapo kuposa zolembedwa pa kapepala paja. Poti magetsi a ESCOM muli nawo kale, gulani ya hybrid, imatchaja batire ndi dzuwa komanso ndi magetsi akabwera, ndipo imasintha yokha inu muli busy kupereka chenji. Controller, kachipangizo kowongolera mmene ma panel akutchajira batire, ikhale ya mtundu wa MPPT, ma hybrid ambiri imakhala ili mkati kale koma funsani.

Batire ndiye pamene ndalama yanu yagona. Ya galimoto iwalani, siinapangidwire ntchito imeneyi, miyezi yochepa yafa. Za gel ndi lead acid zimagwira koma mumangogwiritsa theka la mphamvu yake, mukamazikhetsa mpaka pansi tsiku ndi tsiku chaka chimodzi kapena ziwiri mwagulanso zina. Ngati thumba likulola pitani pa lithium ija amalemba LiFePO4, pogula imawawa koma imakhala zaka zambiri ndipo mumaigwiritsa pafupifupi yonse. Ngati ndalama yachepa, bola kugula inverter yabwino ndi batire imodzi yabwino, ma panel muziwonjezera pang'onopang'ono mukagulitsa soya, kusiyana ndi kugula zonse zachabechabe tsiku limodzi. Chenjeraninso ndi ma panel a mu msika olembedwa 300W koma kukula kwake kochepa, zilembo amamata okha anthu. Ndipo batire ya lead acid mukainyamula nkupepuka, ibwezeni pomwepo.

Woika akhale wa chiphaso cha MERA, akupatseni risiti ndi waranti yolemba, osati mnyamata wongodziwa kulumikiza waya ofiira ndi wakuda. Ma panel ayang'ane kumpoto, opendekeka pang'ono kuti mvula izitsuka, pasakhale mthunzi wa mtengo wa mango kapena thanki, chifukwa mthunzi pa kona imodzi yokha umatsitsa kwambiri mphamvu ya panel yonse. Nyengo ya fumbi kuyambira August muziwapukuta ndi madzi ndi kansanza kofewa mmawa kusanatenthe. Amangeni mu felemu yowotcherera, akuba ma panel alipo ndipo amadziwa mtengo wake kuposa inu. Mu June ndi July kukachita mitambo mphamvu imatsika, apo ndi pomwe hybrid ija imakupulumutsani, komanso muzithimitsa fuliji pakati pausiku ngati zakumwa zazizira kale.

Jenereta ili ndi malo ake sindikuinyoza. Ngati mawa mukufuna kuyamba zowotcherera kapena chigayo, sola ya saizi iyi singanyamule, musayese nkomwe, ngakhale ketulo, ayironi ndi hotplate musalumikizeko. Ndipo amene muli nayo kale jenereta mu gulu muno chonde musamaiyatse mkati mwa shopu kapena mnyumba motseka, utsi wake uli ndi mpweya wa poizoni wopanda fungo lochenjeza umene umapha anthu ali mtulo.

Jambulani kapepala ka kumbuyo kwa fuliji kaja muponye muno, mutiuzenso kuti shopu mumatseka nthawi yanji ndi mafoni angati mumatchaja pa tsiku, tikuwerengerani saizi ya batire musanapite ku Lilongwe kukafunsa mitengo.