Funsani Azakhali: Alandilodi a ku Turffontein akukakamira dipoziti yanga

Azakhali,

Ndine bambo wa ku Dedza, ndimagwira ntchito m'shopu yogulitsa nsalu ku Fordsburg kuno ku Joni. Ine, mayi a kunyumba ndi mwana wathu wa zaka zinayi takhala zaka ziwiri ndi miyezi isanu m'kanyumba ka zipinda ziwiri kuseri kwa nyumba ya alandilodi ku Turffontein. Lendi inali R3,200 pamwezi, ndipo polowa ndinapereka dipoziti ya R3,200 pamanja. Pepala la mgwirizano sitinasainirane, koma iwo anandilembera pakapepala kong'amba m'kope kuti ndalamayo alandira, ndipo kapepalako ndikadali nako.

Titapeza malo pafupi ndi kuntchito ndinawauza pa WhatsApp zoti tikusamuka kudakali mwezi wathunthu. Sabata yomaliza ndinawalembera kawiri kuti abwere tiyendere nyumba limodzi. Anayankha kuti atanganidwa, makiyi ndingosiya kwa mnyamata wa patakishopu. Tinasesa, tinakolopa, ndinajambula zithunzi, makiyi n'kusiya. Lero patha miyezi iwiri. Poyamba ankangoti mawa, mawa. Tsopano akuti dipoziti yonse yathera penti, loko wa chitseko ndi giza (thanki yotenthetsera madzi), mwinanso ine ndiwonjezere. Malisiti sakundionetsa. Kunena zoona, mwana analembalemba ndi makrayoni pakhoma limodzi la kuchipinda, koma giza tinaipeza ikudontha kale ndipo ndinawauza kangapo. Nditalimbikira anandiuza kuti ndine mlendo, ndikanene kulikonse kumene ndikufuna. Mapepala anga ali bwino, koma anzanga akuti ndingoisiya nkhaniyi. Kodi nditaye mtima?

Bambo wa ku Dedza, Johannesburg

Bambo,

Musataye mtima, ndipo foni yanuyo muisamale ngati dzira. Mauthenga awiri aja amene munawaitana kuti mudzayendere nyumba, pamodzi ndi yankho lawo lakuti atanganidwa, ndiwo mlandu wanu wonse. Lero lomwe muwajambule, mutumize zithunzizo kufoni ya mayi a kunyumba ndi ku imelo yanu, chifukwa mafoni ku Joni amayenda okha.

Anzanu akukuuzani kuti muisiyewo sindikuwanyoza, poti inenso ndinaisiya yanga. Mu 2011 ndinkakhala m'kachipinda ku Rosettenville, masiku amene ndinkagwira ntchito ya m'nyumba. Uthenga utabwera woti mayi anga atsikira kwambiri kumudzi, ndinalongedza usiku umodzi. Mayi amene ankandichititsa lendi, kumeneko amati amastandi, anaima pageti atavala gauni, kapu ya tiyi ili m'manja, n'kundiuza kuti dipoziti yanga ya R1,800 adzanditumizira akaona kaye chipinda. Ine maso anali pa nthawi ya basi ku Park Station, ndinangoti zikomo amayi, n'kugwada ndithu. Ndalamayo sindinaionenso. Chimene chimandipweteka mpaka lero si R1,800 ayi, koma kuti nditabwerera patapita chaka ndinamva kwa mayi wina wa kutchalitchi kuti panali pokadandaula, paulere, ine osadziwa.

Ku South Africa nkhani za lendi ya nyumba zogona zili ndi lamulo lakelake, Rental Housing Act, nambala 50 ya chaka cha 1999. Lamuloli limakamba za mwininyumba ndi tenanti. Silinati tenanti wa ku Soweto yekha, wa ku Dedza ayi. Limavomerezanso mgwirizano wa pakamwa, choncho zoti simunasainirane pepala zisakufooketseni. Zaka ziwiri mukulipira lendi iwo akulandira, umenewo ndi mgwirizano, ndipo kapepala ka m'kope kaja ndi lisiti yokwanira kusonyeza kuti dipoziti inalowa m'manja mwawo.

Choyamba chimene alandilodi ambiri safuna kuti mudziwe n'chakuti dipoziti si ndalama yawo. Ndi yanu, iwo amangosunga. Gawo 5 la lamulolo limati aiike kubanki mu akaunti yobereka chiwongoladzanja chosachepera cha akaunti wamba yosungira ndalama, ndipo chiwongoladzanjacho n'chanu. Muli ndi ufulu wofunsa umboni wolembedwa wa mmene yaberekera. Pa R3,200 sichikhala chambiri, mwina chogulira thumba la ufa ndi ndiwo za masiku ochepa, koma muchifunse ndithu. Funso limenelo lokha limawadziwitsa kuti amene akuyankhula naye wawerenga. Ndikukayika ngati ndalama yanu inaona khomo la banki, mwina inathera pa Khirisimasi ya chaka chomwe munalowacho, ndiye chifukwa chake mawa wawo sakufika.

Tsopano pamene pagona nkhani. Lamulo limafuna kuti nyumba iyenderedwe kawiri, mwininyumba ndi tenanti ali limodzi: polowa, kuti mulembe zimene mwapeza zili zowonongeka kale, ndi potuluka, m'masiku 3 omaliza mgwirizano usanathe, kuti muone zimene zawonongeka m'manja mwanu. Udindo wokonza za kuyenderaku uli pa nonse awiri. Koma mwininyumba akapanda kuyendera inu mulipo, lamulo limatenga kuti wavomereza yekha kuti nyumba yabwezedwa ili bwino, sangakulipiritseninso kanthu pa zowonongeka, ndipo ayenera kubweza dipoziti yonse ndi chiwongoladzanja chake. Alandilodi anuwo pamene ankalemba kuti atanganidwa, makiyi musiye patakishopu, ankadzitsekera okha chitseko. Zikanakhala zina inu mukanakhala amene munazemba iwo atakuitanani. Pamenepo lamulo likanawalola kuyendera okha m'masiku 7, kudulapo zokonzera, n'kukupatsani yotsala pasanathe masiku 21.

Masiku enawo ndi awa. Ngati palibe ngongole kapena chowonongeka, dipoziti ibwere pasanathe masiku 7 mgwirizano utatha. Ngati pali zodula, yotsala ibwere pasanathe masiku 14 mwininyumba atalandira nyumba yake, ndipo malisiti a zimene wakonzetsa akhale poti inu muwaone. Werengani mmene mungawerengere, miyezi iwiri yadutsa zonsezi.

Ngakhale akanayendera, mndandanda wawowo uli ndi mabowo. Nyumba imakalamba ngati munthu. Penti amasuluka, zogwirira zitseko zimagwedera, matailosi amatha kuwala poti anthu amapondapo. Kutha kotere si mlandu wa tenanti, ndiye chifukwa chake mumalipira lendi. Giza yodontha ndi ya mwininyumba, makamaka poti munkawauza. Fufuzani mauthenga akale amene munadandaula za gizayo, muwaike pamodzi ndi enawo. Loko angamuwerengere kwa inu mukanataya makiyi kapena kuthyola chitseko. Ngati makiyi anasowera kwa mnyamata wa patakishopu, anasankha mnyamatayo ndani?

Za makrayoni ndikuyamikani kuti mwanena nokha. Pamalamulo, poti sanayendere, mungathe kukana ngakhale zimenezo. Koma ine ndikanakhala inu, pokambirana ndikanati khoma limodzilo ndavomera, onetsani lisiti ya chitini cha penti chokwanira khoma limodzi mudulepo. Oweruza amakhulupirira msanga munthu amene wavomera chake chaching'ono kusiyana ndi amene akulumbira kuti mwana wa zaka zinayi anakhala zaka ziwiri osakhudza khoma. Chimene simuyenera kulola n'chakuti nyumba yonse ipentedwe ndi ndalama yanu kuti iwo akweze lendi kwa wolowa pambuyo panu.

Kuyambira lero lekani kuimba foni ndi kuima pageti. Pakamwa mwayankhula zokwanira. Lembani kalata yaifupi m'Chingerezi chosavuta, ngati n'kofunika akuthandizeni wina wa kuntchito. Muikemo adiresi ya nyumba, tsiku limene munalowa, tsiku limene munatuluka, ndalama imene munapereka, masiku amene munawaitana kudzayendera ndi mmene anayankhira. Munene kuti mukufuna R3,200 ndi chiwongoladzanja chake pasanathe masiku 14, mulembe nambala ya akaunti yanu, ndipo mumalize ndi mawu akuti zikapanda kutero nkhani mupita nayo ku Rental Housing Tribunal. Musatukwane, musatchule za mlendo zija, musawopseze kuti mubwera ndi anyamata. Kalata yaukali imasangalatsa wolemba usiku umodzi, kenako imakawerengedwa pamaso pa oweruza inu mutaweramitsa mutu. Mupite nayo pamanja muli ndi mboni, kopi ina asaine kuti alandira. Akakana kusaina, mboni yanu yaona, ndipo chithunzi cha kalatayo muwatumizirenso pa WhatsApp. Alandilodi ambiri amagonjera pomwepa, chifukwa amadziwa kuti lisiti ya giza alibe.

Akapanda kulipira, pitani ku Tribunal. Ndi bwalo la boma loona mikangano ya lendi, limapezeka m'chigawo chilichonse, ndipo lanu ndi la Gauteng. Simulipira kalikonse, loya safunika. Mudzaza fomu ya dandaulo, n'kuphatikizapo kopi ya pasipoti ndi pemiti yanu, kapepala ka dipoziti, umboni wa lendi imene munkalipira, mauthenga osindikizidwa papepala, zithunzi za nyumba, kalata yanu ija ndi adiresi ya alandilodi. Poyamba amakuitanani nonse kuti mukambirane pali mkhalapakati. Mukalephera kumvana, nkhani imapita kobwalo lenileni, ndipo chigamulo chake chili ndi mphamvu ngati cha khoti la majisitireti. Wochinyozera angathe kulipitsidwa chindapusa kapena kumangidwa mpaka zaka 2. Ndisakunamizeni kuti zimathamanga. Konzekerani miyezi, ndi kupempha abwana anu tchuthi cha tsiku limodzi kapena awiri. Nambala ya dandaulo lanu muilembe posatayika, muzikafunsa pafupipafupi, poti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Njira ina ndi Small Claims Court, imene imakhala pakhoti la majisitireti la dera la alandilodi. Mu 2019 malire a ndalama zodandaulira kumeneko anaikidwa pa R20,000, yanuyi ikukwana bwinobwino. Maloya saloledwa kuimira munthu, aliyense amadziyankhulira yekha, ndipo milandu kawirikawiri imamvedwa madzulo anthu ataweruka, zomwe zingakukomereni inu a m'shopu. Kumeneko amafuna umboni woti munapereka kalata ya masiku 14, n'chifukwa chake ndati mulembe 14 osati 7, kuti kalata imodzi igwire ntchito konsekonse. Kalaliki wa khoti amathandiza kudzaza mapepala, inu mumangolipira kandalama koti samani ikaperekedwe. Sankhani njira imodzi, musayende ziwiri nthawi imodzi. Ngongole yotere imatha mphamvu pakadutsa zaka 3, koma musadikire zimenezo. Mnyamata wa patakishopu uja angasamuke mwezi wamawa, ndipo ndi mboni yanu yoti makiyi munasiya tsiku liti.

Mawu akuti ndinu mlendo aja amawanena poyesa madzi, kuti aone ngati muthawa. Inu mapepala anu ali bwino, palibe choti muope. Kwa ena owerenga amene mapepala awo sanalongosoke, ngongole ikadali ngongole, koma musanapite ku ofesi iliyonse yambani mwafunsa uphungu ku bungwe la Lawyers for Human Rights, limene limathandiza anthu obwera ndipo lili ndi ofesi ku Johannesburg komweko.

Nyumba yatsopano mwalowayo, mwaiyendera ndi mwiniwake? Ngati ayi, Loweruka likubwerali tengani foni mujambule mng'alu uliwonse, mpopi uliwonse, denga la kubafa, mulembe papepala, nonse musaine.

Azakhali

Azakhali,

Ndikusamuka pa fulati ku Sunnyside, Pretoria, kumapeto a mwezi wamawa. Anzanga akuti ndisalipire lendi yomaliza, alandilodi adye dipoziti, chifukwa ndikalipira sindidzaionanso. Nditero?

Mtsikana wa ku Nkhotakota, Pretoria

Mwana wanga,

Ndikudziwa chifukwa chake anzakowo akutero, analumidwapo. Kwathu kuno n'zimene tinazolowera, poti alandilodi a ku Area 25 kapena ku Ndirande amakonda kuti ulipiretu miyezi itatu, ndiye ukamatuluka umangokhalira ndalama yako mpaka ithe. Dipoziti ya ku South Africa si lendi yolipiriratu. Ukangosiya kulipira pawekha, iwe ndiwe waphwanya mgwirizano, ndipo tsiku lokadandaula udzapezeka uli ndi ngongole, iwo ali oyera. Pa mafulati a ma ejenti n'zoopsa kwambiri, chifukwa dzina lako likhoza kulembedwa m'gulu la osalipira, n'kudzavutika kupeza fulati ina.

Ngati ndalama yakuthina, apemphe. Ena amavomera kuti dipoziti ilowe m'malo mwa lendi yomaliza, koma kuvomerako kukhale kolembedwa, ngakhale pa WhatsApp. Akakana, lipira lendi yako, ndipo sabata ino uwalembere kufunsa zinthu ziwiri: umboni wa kubanki wa dipoziti yako ndi chiwongoladzanja chake, komanso tsiku ndi nthawi imene adzabwere kuti muyendere fulati limodzi. Tsikulo katundu akhale atatuluka kale, ujambule mita ya magetsi ndi ya madzi, ndipo makiyi usapereke asanasaine pepala la zimene mwapeza. Kopi imodzi ulowetse m'chikwama chako usanatsike masitepe.

Azakhali