Yankho kwa amayi ofunsa za anyamata onyamula zinyalala pamalo awo ogona alendo

Amayi, mwafunsa kuti mungadziwe bwanji ngati kampani imene imachotsa zinyalala pamalo anu ogona alendo muno mu Chipata ikugwiritsa anthu ntchito mokakamiza, popeza anyamata obwera ndi lole amasintha mwezi ndi mwezi, ena amaoneka ang'onoang'ono, ndipo mmodzi anakupemphani chakudya akunena kuti chifikireni sanalandirepo malipiro. Ine ndinagwirako ntchito yolemba mayina ndi masiku a antchito pa kampani ina yotere, choncho ndiyankha molingana ndi zimene ndinaona.

Choyamba muzindikire kuti munthu amene munasainirana naye pangano kawirikawiri si amene amalipira mnyamata wonyamula thumba. Kampani imapeza chilolezo, monga lamulo la dziko la Zambia la Solid Waste Regulation and Management Act la 2018 limafunira, koma ntchito ikachuluka imabwereka lole kwa munthu wina, mwini loleyo amasiyira kapitawo udindo wopeza anthu, ndipo kapitawoyo ndi amene amapita kumidzi kapena kutsidya kwa malire kukalonjeza anyamata ntchito ya m'tauni, chakudya ndi pogona. Mapepala onse a pamwamba akhoza kukhala olongosoka pamene pansi pali munthu amene dzina lake silinalembedwe m'buku lililonse. Ngakhale zinyalala zitafika kumtaya ulendo wake sunathe, chifukwa kumeneko kuli otola mabotolo a pulasitiki ndi zitsulo zakutha amene amagulitsa pa sikelo kwa ogula apakati, ndipo pakati pa otolawo ana sasowa.

Malipiro ochepa paokha si ukapolo, ngakhale ndi nkhani yoyenera kuifikitsa ku ofesi ya zantchito. Pangano nambala 29 la bungwe loona zantchito padziko lonse la ILO, la chaka cha 1930, limati ntchito yokakamiza ndi imene munthu amaigwira chifukwa choopsezedwa ndi chilango pamene iye sanadzipereke mwa kufuna kwake. Funso lalikulu tsono ndi lakuti, kodi mnyamatayo atanena lero kuti wasiya ntchito, angathe kunyamula chikwama chake n'kupita kwawo? Ngati yankho ndi lakuti ayi, chifukwa wina wamusungira chitupa chake cha NRC kapena foni, kapena wamuuza kuti ali ndi ngongole yoyenera kubweza kaye, kapena wamuopseza kuti akamunenera kwa a zolowa ndi kutuluka m'dziko, pamenepo nkhani yakula.

Ngongoleyo ndiyo msampha umene ndinauona ndi maso anga. Tsiku lina mnyamata wina anabwera pawindo la ofesi kudzafunsa kuti dzina lake lili pa tsamba liti, ndipo nditafufuza ndinapeza kuti mulibe, chikhalirecho anali atakwera lole yathu kwa miyezi itatu. Kapitawo amene anamubweretsa anali ndi kabuku kake m'thumba la malaya, momwe analembamo mtengo wa basi yochokera kumudzi, ufa, ndiwo, sopo, lendi ya kachipinda kamene ankagonamo anthu asanu, ngakhale magolovesi ndi majombo zimene kampani inkapereka kwaulere. Mwezi ukatha ankamuwerengera zonsezo, n'kumuuza kuti malipiro ake athera m'ngongole ndipo yatsalabe ina. Mnyamatayo sanamangidwe ndi chingwe ndipo chitseko chinali chosakhoma, koma sakanachoka, pakuti analibe ndalama ya ulendo, chitupa chinali kwa kapitawo, ndipo ankachita manyazi kubwerera kwa makolo ake chimanjamanja. Ndivomereze kuti ifenso a muofesi tinali ndi mlandu, chifukwa tinkapereka ndalama ya gulu lonse m'manja mwa munthu mmodzi osafunsa kuti yagawidwa bwanji.

Kwathu kuno vutoli lili ndi mbali inanso chifukwa cha malire. Chipata cha malire a Malawi cha Mwami chili pafupi kwambiri ndi tauni, cha malire a Mozambique cha Chanida chili mbali ya ku Katete, ndipo anthu a mbali zonse amalankhula chinenero chimodzi, kotero kuti mnyamata wochokera ku Mchinji sadziwika pakati pa anzake kufikira tsiku limene afunsa malipiro ake n'kukumbutsidwa kuti alibe mapepala. Komabe musaganize kuti kuzembetsa anthu kumafuna kuwoloka malire. Wotengedwa mwachinyengo ku Chadiza, ku Vubwi kapena ku Lundazi n'kudzadyeredwa masuku pamutu mu Chipata nayenso amatetezedwa ndi lamulo la Anti-Human Trafficking Act la 2008, lomwe linakonzedwanso mu 2022, ndipo chilango cha wozembetsa anthu ndi kukhala m'ndende zaka zosachepera 20. Lamulo la Employment Code Act la 2019 nalonso limaletsa ntchito yokakamiza, limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 15, ndiponso sililola wosakwana zaka 18 kugwira ntchito yoopsa, ndipo kupisa manja m'matumba momwe muli magalasi osweka ndi majekeseni ogwiritsidwa kale ntchito sindikuona kuti kungatchedwe dzina lina.

Inu monga wolipira muli ndi mphamvu yoposa imene mukuganiza. Pemphani kampaniyo ikupatseni mayina ndi zaka za anthu onse obwera pamalo panu, pamodzi ndi umboni wakuti analembetsedwa ku bungwe la penshoni la NAPSA ndi ku bungwe lolipira ovulala pantchito la Workers' Compensation Fund Control Board, kenaka muyerekeze mayinawo ndi nkhope zimene zimatsika m'lole. Mulembe m'pangano kuti ntchito yanu isapatsidwe kwa wina popanda inu kudziwa, kuti aliyense azilandira malipiro ake yekha, makamaka kudzera pa foni kapena kubanki kumene umboni umatsala, kuti chitupa chizikhala ndi mwini wake, komanso kuti pasakhale wolipiritsidwa ndalama kuti apeze ntchito. Pa mtengo napo muchenjere, chifukwa kampani ikakuuzani mtengo wotsika kwambiri kusiyana ndi ena onse, pamene mafuta a lole ndi mtengo umodzi kwa aliyense, ndalama imene mwapulumutsayo nthawi zambiri imachoka m'thumba la wonyamula matumba.

Za mnyamata amene anakupemphani chakudya, ndikupemphani kuti musamufunse pamaso pa kapitawo kapena dalaivala, ndipo musayambe ndi kukalipira kampani, chifukwa chimene chimachitika n'chakuti mawa lake amangomusamutsa ndipo simudzamuonanso. Lankhulani naye pambali pamene anzake akukweza matumba, mumufunse kumene amagona, amene ali ndi chitupa chake, ndi ngati abale ake akudziwa kumene ali. Lembani tsiku ndi nambala ya lole. Mukaona kuti zizindikiro zija zilipo, pitani ku Victim Support Unit ya apolisi kapena ku ofesi ya zantchito ya m'boma lino, ndipo ngati ndi mwana imbani nambala yaulere ya 116. Pangano lanu ndi kampaniyo musalithetse tsiku lomwelo, dikirani kaye akuluakuluwo amupeze mnyamatayo akadali pa lole yomwe mukuidziwa.