Motherboard yogula kwa munthu sikutulutsa mawu

Achimwene, mwati motherboard (bolodi yaikulu ya m'kati mwa kompyuta) yomwe munagula kwa munthu sikutulutsa mawu, ndiye mukuganiza zoika BIOS (pulogalamu ya pa bolodi yoyambitsa kompyuta) yatsopano. Dikirani kaye, kumeneko n'komalizira.

Yambani ndi kabatire kozungulira ka CR2032 kamene kali pa bolodiyo. Ngati kompyuta ikuiwala tsiku ndi nthawi mukaizimitsa, katha, sinthani. Kenako lowani mu BIOS, kawirikawiri podina Del kapena F2, mufufuze HD Audio (gawo loyang'anira mawu), pena pamalembedwa Azalia. Eni ake akale ambiri ankazimitsa pamenepa akaika sound card (kabolodi kapadera ka mawu) yawo, n'kuiwala. Ikani Enabled, kutanthauza kuyatsa.

Masipika lumikizani kumbuyo, pabowo lobiriwira. Kutsogolo kumanamiza, chifukwa waya wa kesi (bokosi la kompyuta) yakale wa AC'97 (njira yakale yolumikizira mawu) sugwirizana bwino ndi HD Audio. Mawu akapanda kumveka, werengani kachipi kolembedwa Realtek, monga ALC662 kapena ALC887, mupeze driver yake (pulogalamu yothandiza kachipiko kugwira ntchito). Ine ndimakonda kuyesa ndi Linux ya pa flash (pulogalamu ina yoyendetsera kompyuta m'malo mwa Windows): mawu akamveka kumeneko, vuto ndi Windows basi.

Za BIOS yatsopano, ndi magetsi athu ozimazimawa, musayerekeze popanda UPS (batire yosungira magetsi akathima). Akathima pakati, bolodi ikhoza kufa. Kachipi ka Realtek kaja kakakhala kopsa, gulani ka USB sound card, n'kotchipa.