Mafunso a Owerenga: Zimene ubongo umaonjezera pa zomwe tinaona

FUNSO: Bambo athu anamwalira zaka zinayi zapitazo. Kutatsala masiku ochepa kuti atisiye, anaitana ine ndi mlongo wanga n'kutiuza za nyumba ya lendi imene anamanga pafupi ndi msika wa kwathu. Ine ndikukumbukira bwino lomwe kuti anati nyumbayo ikhale m'manja mwanga chifukwa ndine ndinaumba nawo njerwa, koma mlongo wanga akulumbira kuti anati ndalama za lendi tizigawana. Tinakhala pamphasa imodzi tsiku limenelo. Pano sitikulankhulana ndipo nkhani yafika kwa a mfumu. Mlongo wangayu sindinamumvepo akunama. Zingatheke bwanji? (Bambo wa ku Ntcheu)

YANKHO: Pepani, bambo, chifukwa cha imfa ya bambo anu komanso kusamvana kumene kwalowa pa mbumba yanu. Zimene mukufunsazi n'zotheka ndithu, ndipo zimachitika popanda wina aliyense wa inu kunama. Ambirife timaganiza kuti ubongo umasunga zochitika monga mmene foni imasungira vidiyo, kuti tikafuna tingoitsegula n'kuonera. Akatswiri a za maganizo anapeza kuti sizili choncho. Ubongo umasunga zidutswa zokha, monga fungo la m'chipinda, nkhope ya wodwala, mawu awiri kapena atatu, ndipo nthawi iliyonse imene tikukumbukira umalumikizanso zidutswazo, n'kutseka mipata yotsala ndi zimene tikuyembekezera, zimene tinamva kwa ena pambuyo pake, ngakhalenso zimene mtima wathu ukulakalaka. Choopsa chake n'chakuti mwini wakeyo saona polumikizirapo. Chigamba ndi nsalu zimaoneka ngati chinthu chimodzi.

Mu 1974, Elizabeth Loftus ndi John Palmer a pa yunivesite ya Washington ku America anaonetsa ophunzira mafilimu a ngozi za galimoto, kenako anawafunsa liwiro limene galimotozo zinkathamanga. Funso linali limodzi, koma ankasintha liwu limodzi lokha. Amene anafunsidwa ndi liwu lotanthauza kuti galimotozo zinaphwanyana ananena liwiro la mamailosi pafupifupi 41 pa ola, pamene amene anafunsidwa ndi liwu lotanthauza kuti zinangokhudzana ananena mamailosi pafupifupi 32. Pa kafukufuku wachiwiri, patapita sabata imodzi, ophunzira anafunsidwa ngati anaona magalasi osweka. Mwa ophunzira 50 amene anamva liwu la kuphwanyana, 16 anati anawaona; mwa 50 amene anamva liwu la kugundana, 7 okha ndiwo anatero. Mufilimumo munalibe galasi losweka ngakhale limodzi.

Mwina munganene kuti filimu ya ngozi ya anthu osawadziwa ndi yosiyana ndi mawu omaliza a kholo, amene amakhazikika pamtima. Apa m'pamene pali zodabwitsa kwambiri. Pa 28 Januwale 1986, chombo cha m'mlengalenga cha Challenger chinaphulika chitangonyamuka, ndipo m'mawa mwake akatswiri a za maganizo Ulric Neisser ndi Nicole Harsch anauza ophunzira oposa 100 a pa yunivesite ya Emory ku America kuti alembe kumene anali, amene anali nawo, ndi mmene anamvera uthengawo. Patatha zaka pafupifupi zitatu anafunsanso 44 mwa iwo. Ambiri anafotokoza zosiyana ndi zimene analemba okha, ena zosiyana kotheratu, komabe anali otsimikiza ndi mtima wonse, ndipo ena ataonetsedwa mapepala a dzanja lawo lomwe sanasinthe maganizo. Choncho mawu anu akuti "ndikukumbukira bwino lomwe" akusonyeza kuti tsikulo linakukhudzani kwambiri, koma sakutsimikizira kuti mawu onse munawasunga mmene anatulukira.

Taganizirani za zaka zinayi zimenezi. Inu mwafotokoza nkhaniyi kangati kwa akazi anu, ndipo mlongo wanu waifotokoza kangati kwa alamu anu? Kufotokoza kulikonse kumalimbitsa mbali imene wofotokozayo anaigwira. N'kutheka kuti bambo anu ananena mawu onga akuti inu muziyang'anira nyumbayo ndipo musaiwale mlongo wanu. Inu amene munaumba njerwa munamva za kuyang'anira, mlongo wanu anamva za kusaiwalidwa. Maganizo anga ndi akuti mukapita kwa a mfumu musapite kukagwira wabodza, chifukwa mwina palibe wabodza pamenepo. Funsani malume anu kapena aliyense amene bambo anu anamuuzapo za nyumbayo asanadwale, aliyense payekha, ndipo mungoti "anakuuzani zotani?" osawaikira mawu m'kamwa. Dziwaninso kuti ngati panalibe wilo yolembedwa, lamulo la mu 2011 lokhudza chuma cha masiye ndi limene limatsogolera kagawidwe kake, ndipo limateteza ana onse pamodzi ndi mayi wamasiye ngati alipo.

FUNSO: Ndili ndi zaka 52. Nthawi zina ndimakumana ndi munthu amene ndimamudziwa bwino, koma dzina lake limandithawa ngakhale ndikumva kuti lili pafupi kutuluka. Kodi mutu wayamba kusokonekera? (Mayi wa ku Mzuzu)

YANKHO: Ayi mayi, musade nkhawa ndi chimenechi pachokha. Roger Brown ndi David McNeill anachifufuza mu 1966 ndipo anapeza kuti munthu wotere kawirikawiri amatha kunena chilembo choyamba cha liwulo kapena kutalika kwake, kusonyeza kuti liwulo lilipo koma njira yokalitengera ndi imene yatsekeka kwakanthawi. Mayina a anthu ndi amene amavuta kwambiri, ndipo vutoli limachuluka munthu akamakula. Mukasiya kulikakamiza, dzinalo limabwera lokha mukutsuka mbale. Pofunika kuonana ndi dokotala ndi pamene mwayamba kusochera m'njira zimene munazizolowera kapena kufunsa funso lomwelomwelo kangapo osazindikira.

FUNSO: Ndine mtsikana wa zaka 21, ndikuphunzira pa koleji ina mu Blantyre. Katatu konse ndadzidzimuka usiku ndikuona chipinda changa bwinobwino, koma thupi lonse lili gwa, sinditha kukuwa kapena kutukula mkono, ndipo chinthu cholemera chimandikhalira pachifuwa. Ulendo womaliza ndinaona chithunzithunzi cha munthu pakhomo. Nditawauza azakhali, anandifunsa ngati sichinkafanana ndi agogo ena oyandikana nawo nyumba kumudzi, ndipo tsopano ndikuona ngati chinalidi iwowo. Ndithandizeni. (Wophunzira wa ku Blantyre)

YANKHO: Chemwali, mantha amene munamva ndi enieni, ndipo palibe chifukwa chochitira manyazi. Zimene mwafotokozazi madokotala amazidziwa bwino, ndipo pa Chingerezi amazitchula kuti sleep paralysis. Tulo tili ndi magawo, ndipo gawo limene timalota kwambiri, limene Eugene Aserinsky ndi Nathaniel Kleitman analizindikira ku Chicago mu 1953 poona maso a ogona akuyendayenda mofulumira, limayamba patatha mphindi pafupifupi 90 munthu atagona n'kumabwerezabwereza mpaka m'bandakucha. Pa gawo limeneli ubongo umamanga dala minofu ya manja ndi miyendo kuti munthu wolota akuthamanga asadzuke n'kukagunda khoma. Nthawi zina munthu amagalamuka chomangiracho chisanamasuke: maso atseguka, maganizo adzuka, koma thupi likadali m'tulo. Kupuma sikumasiya, kungoti kumakhala kosazama, ndipo munthu wamantha akafuna kukoka mpweya wambiri n'kulephera amamva ngati wapanikizidwa pachifuwa. Popeza maloto amakhala asanazimiretu, ubongo umene wagwidwa ndi mantha umafunafuna mdani mumdimamo, ndipo jekete lopachikidwa pachitseko limasanduka munthu.

Simuli nokha. Mu 2011, Brian Sharpless ndi Jacques Barber anaphatikiza zotsatira za kafukufuku 35 ndipo anapeza kuti anthu pafupifupi 8 pa 100 alionse zinawachitikirapo, koma pakati pa ophunzira chiwerengerocho chinafika 28 pa 100, zimene sizodabwitsa tikaganizira mmene ophunzira amachezera usiku ndi mabuku mayeso akayandikira. Ku Japan amazitcha kanashibari, ndipo ku Newfoundland m'dziko la Canada amati wagonayo wakhaliridwa ndi nkhalamba yaikazi. Thupi limachita zofanana kulikonse, koma nkhope ya mlendo wa usikuyo imachokera mu nkhani zimene anthu a kumeneko anakulira nazo.

Ndikupemphani kuti muwerengenso kalata yanu. Usiku umene uja munaona chithunzithunzi chopanda nkhope. Nkhope ya agogowo inabwera pambuyo pa funso la azakhali anu, monga mmene magalasi osweka anabwerera kwa ophunzira a Loftus aja. Azakhali anu anafunsa chifukwa chokuderani nkhawa, koma funso lotere likatuluka m'nyumba n'kufika pabwalo, limatha kuphetsa munthu wosalakwa, ndipo m'dziko muno achikulire ambiri amenyedwa ndi kuphedwa chifukwa choganiziridwa ufiti. Lamulo la mu 1911, limene likugwirabe ntchito, limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Chonde auzeni azakhali anu mwaulemu kuti simunaone nkhope ya munthu aliyense.

Kuti zichepe, yesetsani kugona ndi kudzuka pa nthawi yofanana tsiku lililonse, chepetsani khofi ndi tiyi madzulo, ndipo muzigona cham'mbali chifukwa zimakonda kuchitika munthu akagona chagada. Zikakupezaninso, musalimbane ndi thupi lonse. Yesani kugwedeza chala chimodzi kapena lilime uku mukupuma pang'onopang'ono, pakuti zimatha zokha pakadutsa masekondi angapo kapena mphindi zochepa. Ngati zikubwera pafupipafupi, kapena masana mukugwidwa ndi tulo tosaletseka ngakhale muli m'kalasi, pitani kuchipatala mukafotokoze zonse, chifukwa nthawi zina zimayendera limodzi ndi matenda a tulo otchedwa narcolepsy, amene ali ndi mankhwala ake.